Yatsika Sikuti Yatha

Malemu achimwene athu, amene ambiri a inu simunawaitanepo ndi dzina lina koma loti a Sipanala, anabadwa pa 9 Juni 1958. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi, ndipo ndiwo anali mwamuna woyamba. Ine amene ndaima pano ndine mng'ono wawo, mzime wa m'banjamo, ndipo abale andituma kuti ndiwerenge mbiriyi. Mundipirire, chifukwa pepala lomwe ndinalemba Lachinayi ndalisiya dala kunyumba. Lomwe ndagwirali ndamaliza kulilemba lero m'mawa, ndipo chifukwa chake muchimva ndisanakhale pansi. Ndikudziwa zomwe zakhala zikunong'onedwa kuseri kwa nyumba ino chiyambire Lachiwiri, zoti alamu athu, akazi a malemu, ali ndi dzanja pa imfa imeneyi. Nkhani imeneyo sindiilambalala. Koma mbiri ya munthu siyambira kuchipatala, choncho tiyambe koyambira.

Malemu anayamba sukulu mu Januwale 1966. Masamu ankawatha, koma manja awo sankakhala phee. Ali Sitandade 4 anamasula belu la njinga ya aphunzitsi akulu kuti aone chomwe chimalira m'katimo. Anakwapulidwa n'kuuzidwa kuti alibwezere, ndipo atalibwezera linkalira bwino kuposa kale. Sukulu anailekezera Sitandade 7, bambo athu atamwalira pa 2 Meyi 1973. Panalibe amene anawauza kuti asiye. Anangoona momwe zinthu zinalili pakhomo, n'kutenga makope awo otsala kundipatsa ine. Ngati ndinafika pokhala mphunzitsi mpaka kupuma pantchito, n'chifukwa cha manja odetsedwa ndi oilo a munthu amene agona apawa.

Kuyambira mu 1974 anaphunzira kukonza njinga pansi pa mtengo wa pamsika, kwa mmisiri wina wokalamba amene ankatukwana kwambiri koma ntchito ankaidziwa. Patatha zaka zitatu anatsegula malo awoawo: benchi imodzi, beseni la madzi lofufuzira ponkichala, ndi bokosi la mabawuti osafanana. Pa 14 Ogasiti 1982 anakwatira akazi awo oyamba, mayi a pakhomo pano, ndipo Mulungu anawapatsa ana anayi, amuna awiri ndi aakazi awiri.

Mu Seputembala 1990 kunabwera galimoto yokumba mijigo. Malemu anatseka malo awo milungu iwiri yathunthu, kumangoima pafupi ndi okumbawo n'kumafunsa mafunso, mpaka anthuwo anatopa nawo n'kuwapatsa mapaipi kuti azinyamula. Pomwe ankafuna munthu woti akaphunzire kusamala mijigo ya dera lino, panalibe chovotera. Anakaphunzira milungu itatu, n'kubwerako ndi chikwama cha chinsalu cholimba, m'katimo muli masipanala, timalabala tosinthira, chingwe, ndi chitini cha girisi. Chikwama chimenecho anachinyamula zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo mijigo yomwe ankaiyang'anira inafika 34. Amayi amene muli pano ndinu mboni. Ankafika, kutsamiritsa njinga, kupopa katatu atatchera khutu pachogwirira, kenako n'kunena chomwe chavuta asanamasule bawuti ndi imodzi yomwe. Akatero ankayamba ulaliki wawo, womwe palibe komiti ya mjigo imene sinaumve. Ankati, "Mjigo sudwala tsiku lomwe waima. Umayamba kudwala ukadali kutulutsa madzi. Girisi ndi mwezi uliwonse, ulire usalire." Mawu amenewa muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

Pa 20 Malichi 1998 akazi awo oyamba anamwalira atadwala nthawi yochepa, n'kuwasiyira ana, wamng'ono ali ndi zaka zitatu. Zaka zinayi malemu anakhala okha. Ana awo akhoza kukuuzani kuti munthu wodziwa kukonza mjigo si ndiye kuti amadziwanso kuphika. Pa 7 Seputembala 2002 anamanga banja ndi alamu athu akhala apawa, omwe nthawi imeneyo ankagulitsa ndiwo zamasamba pamsika. Amene munalipo mukukumbukira kuti pogwada kutsogolo kwa abusa, sipanala inagwa kuchokera m'thumba la jekete, n'kulira pasimenti tchalitchi chonse chili chete. Alamu anangoitola n'kuisunga m'manja pamodzi ndi maluwa. Anapeza ana anayi a mnzawo, anawalera, anawachapira, anawadikirira pomwe ankadwala, n'kuberekanso mwana wamkazi mmodzi. Koma tisanamizane pamaliro: ife abale a malemu sitinawalandire ndi manja awiri. Zaka 23 zadutsa tikuwatchulabe kuti amayi a kumsika aja, ngati kuti anabwera dzulo kudzagulitsa tomato.

Matenda a malemu anayamba kuoneka chakumayambiriro kwa 2015. Mutu unkawawa chakunkhongo, makamaka m'mawa, ndipo nthawi zina akawerama kukoka ndodo za mjigo ankaona mdima. Anachita zomwe tonse timachita. Anayamba ndi timapiritsi ta mutu ta kugolosale, tiwiri m'mawa, tiwiri madzulo, akumati ndi dzuwa. Zitakanika, achemwali athu aakulu anawatengera kwa munthu wa zitsamba, amene anawapatsa chigubu cha madzi owawa, choti azimwa kapu imodzi asanadye. Anamwa zigubu zitatu. A mpingo nawo anabwera kudzawapempherera, ndipo mtima unakhala pansi, koma mutu sunasiye. Sindikunyoza aliyense pa zimenezi. Chipatala chathu chaching'ono chili pa mtunda wa makilomita 14, golosale ili kuseri kwa nyumba, ndipo munthu amene akutha kupalasa njinga samadziwerengera kuti ndi wodwala. Chaka chimodzi ndi theka chinatha choncho.

Pa 18 Ogasiti 2016, atatuluka magazi m'mphuno kawiri sabata imodzi, alamu anawabisira chikwama cha zida n'kuwauza kuti achiona akabwerako kuchipatala. Anapita limodzi, alamu ali pakaliyala. Atafika anapeza makina oyezera kuthamanga kwa magazi alipo, koma mabatire atatha. Malemu anatulutsa tochi yawo, kuchotsa mabatire, kupala dzimbiri pomwe amakhala ndi nsonga ya kiyi, n'kupereka mkono. Anamwino anayeza, anayang'ana manambala, n'kuyezanso kachiwiri akuganiza kuti makinawo asokonekera. Malemu anawauza kuti makina ali bwinobwino, popeza awakonza ndi iwo. Tsiku limenelo anawapeza ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, omwe tonse timangoti bipi. Anamwinowo anakhala nawo pansi, n'kuwauza kuti matendawa satha, ndipo piritsi limodzi m'mawa uliwonse ndi la moyo wawo wonse. Alamu anamva mawu amenewa ndi makutu awo, ndipo sanawaiwale.

Kupeza matenda kunali kophweka poyerekeza ndi kupeza mankhwala. Odwala matenda amgonagona ngati amenewa amaonedwa Lachinayi lachitatu la mwezi. Kuti ukhale kutsogolo kwa mzere uyenera kunyamuka kusanache bwino, ndipo nyengo ya mvula mtsinje wa panjirapo ukadzaza, mwezi umenewo wapita. Ukafika, nthawi zina mankhwala umawapeza, nthawi zina amakulembera pakapepala kuti ukagule m'tauni, komwe ambiri a ife timafikako kamodzi pachaka. Malemu anali ndi njinga ndiponso miyendo yolimba, choncho sankajomba. Koma pamzere paja ankaona nkhope zikuchepa. Mwezi uno agogo akuti sanabwere, mwezi wamawa abambo auje, ndipo ukamvanso za iwo n'kuti atafa mbali imodzi ali gone m'nyumba. Zinkawapweteka mtima ngati mmene unkawapwetekera mjigo wosiyidwa wopanda girisi.

Mu Epulo 2018 anakambirana ndi adokotala a pachipatalapo, ndipo anagwirizana kuti okalamba amene bipi yawo yakhazikika azipita okha kamodzi pa miyezi itatu kukayezedwa, miyezi inayo malemu aziwatengera mankhwala. Anayamba ndi timabuku ta kuchipatala titatu, ndipo tinafika tisanu ndi tiwiri. Ankatikulunga m'jumbo kuopa mvula, n'kutiika pansi penipeni pa chikwama cha zida. Pobwerako ankazungulira khomo ndi khomo, jumbo ya aliyense atailemba chizindikiro chake, chifukwa ena mwa eni timabukuto satha kuwerenga: wina mtanda, wina mzere, wina kadontho. Sanalandirepo malipiro pa ntchito imeneyi, kupatula kapu ya madzi ndi nkhani zambirimbiri, zomwe ankazikonda kuposa malipiro.

Tsopano ndafika pa tsiku lomwe banja lonse lakhala likuliganizira kuyambira dzulo. Pa 19 Okutobala 2023 malemu anayezedwa ndi adokotala atsopano, achinyamata ndithu, aulemu. Panja panali anthu oposa makumi asanu ndi atatu akudikira. Adokotalawo anayang'ana makina, n'kumwetulira, n'kunena kuti, "Bambo, lero yatsika, ili ngati ya mnyamata." Ananena zoona, ndipo sanalakwe chilichonse. Iwo anati yatsika. Achimwene athu anamva kuti yatha. Zaka zisanu ndi ziwiri anali atamwa piritsi tsiku ndi tsiku, ndipo kwa mmisiri, chinthu ukachikonza zaka zonsezo chiyenera kufika pokonzeka. Sanafunse, pakuti wotsatira anali ataima kale pakhomo, komanso iwo anali munthu wozolowera kufunsidwa, osati kufunsa. Anafika pakhomo pano akuliza belu la njinga kuyambira kumsewu, n'kuuza alamu kuti achira.

Alamu anakana. Anawakumbutsa mawu a anamwino aja a mu 2016, ndipo anakangana mpaka ana a pafupi anamva. Malemu, poti sankakonda phokoso m'nyumba, anagonja ndi pakamwa. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse alamu ankatsegula kabati, kutenga piritsi, kuwaika m'dzanja, n'kuwapatsa kapu ya madzi. Malemu ankamwa madziwo n'kutuluka kukaona ngati matayala a njinga ali ndi mpweya. Alamu ankaona kapu yopanda kanthu ndi dzanja lopanda kanthu, mtima wawo n'kukhala m'malo. Mwina mukufunsa kuti nanga kuchipatala sanazindikire bwanji. Yankho lake ndi lomvetsa chisoni: ankawadziwa kwambiri. Akangofika ndi timabuku tija, ankawalandirira pazenera, wina n'kuwapempha kuti akaone mjigo wa pachipatala kapena chitseko chomwe chikuvuta. Pomaliza ankapeza mankhwala onse atamangidwa kale, awo omwe ali pomwepo. Akafunsidwa ngati ayezedwa, ankaseka n'kunena kuti yawo inatha kale, anthu n'kumaona ngati ndi nthabwala za a Sipanala. Anakhala akulowa pachipata cha chipatala mwezi uliwonse kwa miyezi makumi awiri, lamba wa makina aja osawakhudza mkono.

Lolemba pa 7 Julayi 2025, cha m'ma 9 koloko m'mawa, malemu anali pa mjigo wa kusukulu, atatsegula mutu wake ndipo akukoka ndodo yachitatu. Amayi awiri amene ankadikira ndi ndowa anaona ndodo ikuwapulumuka, iwo n'kukhala pansi pang'onopang'ono, atatsamira simenti. Pakamwa panali patapotoka, ndipo dzanja lamanja silinkagwira. Ambulansi inali itapita kwina ndi mayi woyembekezera. Anawanyamula pa ngolo mpaka kumsewu waukulu, kumene galimoto ya katundu inawatenga, ndipo anafika kuchipatala chachikulu cha m'tauni dzuwa litapendeka. Alamu anali nawo ulendo wonsewo, atawaika mutu pamiyendo. Madokotala anati mtsempha wa m'mutu waphulika. Sanayankhulenso.

Lachiwiri m'mawa adokotala anaitana wachibale mmodzi, ndipo popeza ndine wophunzira wa m'banja, ndinalowa ndine. Anandiuza kuti malinga ndi mmene akuonera, bambowa akhala nthawi yaitali asakumwa mankhwala. Ndikubwereza kuti mumve bwino: anati asakumwa. Ine ndinatuluka, ndinapeza achemwali athu awiri pabenchi ya pakhonde, n'kuwauza kuti adokotala akuti achimwene akhala nthawi yaitali asakupatsidwa mankhwala. Panalibe amene anandikakamiza kusintha liwu limenelo. Linali kale mumtima mwanga zaka 23, likungodikira mpata. Mawuwo anafika kuno ife tisanafike, ndipo panjira ananenepa. Ena anati alamu ankagulitsa mapiritsi pamsika pamodzi ndi tomato, ena anati anatopa ndi nkhalamba ndipo ankafuna nyumba. Titawafunsa alamu pakhonde la chipatala pomwepo, pamaso pa anthu, anayankha mawu awiri okha: "Ndinkawapatsa m'manja." Ife tinati akunama.

Malemu anatisiya Lachitatu pa 9 Julayi 2025, nthawi ya 3 koloko masana, ali ndi zaka 67. Lachinayi thupi litafika pakhomo pano, ine ndi achemwali tinakhala pansi, n'kugwirizana kuti maliro akatha alamu azipita kwawo. Ndinagula loko, ndipo ndinakhoma ndekha chitseko cha kuchipinda kwawo kuti asatulutsemo kanthu. Masiku awiri apitawa, mayi amene wataya mwamuna wakhala akusinthira zovala kukhitchini. Simunawamve akudandaula, ndipo ena a inu madzi omwe mwasamba m'manja anatunga ndi iwo. Pepala lomwe ndinalemba tsiku limenelo, pa mndandanda wa amene malemu awasiya, dzina lawo ndinaliika kumapeto, pambuyo pa adzukulu.

Dzulo m'mawa kunabwera atelala a pamsika, anzawo a malemu a paubwana. Nonse mukuwadziwa, sayenda chifukwa miyendo yawo inalumala ali mwana, ndipo anachita kuwakweza panjinga wina akukankha. Anamva manong'onong'o aja ali pamakina awo, ndipo anati sangagone nawo. Anatiuza kuti nawonso anawapeza ndi bipi zaka zingapo zapitazo, atawatengera m'tauni pa vuto lina, koma kabuku kawo kananyowa denga litadontha. Kuchipatala chaching'ono sakanawapatsa mankhwala asanawaone, zomwe n'zoyenera, ndipo iwo makilomita 14 sakanawatha. Kuyambira chakumapeto kwa 2023, Lamlungu lililonse potuluka kutchalitchi, malemu ankadzera pakhonde pawo n'kuwakhuthulira mapiritsi asanu ndi awiri kuchokera m'kachitini. Atelala atafunsa kuti nanga inu, anawayankha kuti, "Yanga inatha, awa akungoonongeka. Koma alamu anu asamve, angandidye wamoyo."

Chikwama cha zida chinali chikadali ku ofesi ya aphunzitsi akulu, komwe anachisunga tsiku lomwe malemu anagwa. Tinatuma mwana wawo woyamba kukachitenga, ndipo tinachitsegula tonse tili pamodzi, alamu ali pomwepo. Munali masipanala, timalabala, chingwe, jumbo ya timabuku tija, ndi zitini ziwiri za girisi. China chinali ndi girisi. Chinacho chinali chotsukidwa bwino, m'katimo mutayalidwa kansalu koyera, ndipo pakansalupo panali piritsi limodzi. Linali la Lolemba m'mawa, lomwe alamu anawaika m'manja asananyamuke kupita kusukulu kuja. Alamu analiyang'ana nthawi yaitali, kenako analira kulira komwe anali asanalire chiyambire Lachitatu. Ife tonse tinasowa poyang'ana.

Abale ndi alongo, achimwene athu anali munthu wabwino, ndipo sindikuwaimba mlandu atagona. Koma akanakhala kuti akumva, ndikanawauza pamaso kuti analakwitsa. Safunsa anadya phula. Munthu amene analalikira ku mijigo 34 kuti girisi ndi mwezi uliwonse, ulire usalire, anaiwala kuti bipi yawo inatsika chifukwa cha piritsi lomwelo lomwe anasiya. Ngakhale atelala, malemu sanawathandize mokwanira, chifukwa atelalawo akhala akumwa mankhwala a munthu wina popanda wowayeza. Malemu analakwitsa liwu limodzi chifukwa cha chimwemwe, ndipo kulakwitsako anakulipira ndi moyo wawo. Ine ndinalakwitsanso liwu limodzi, koma chifukwa cha mtima woipa, ndipo ndinkafuna kuti alipire ndi munthu wosalakwa. Pa awirife, wochititsa manyazi ndine.

Alamu, ndikulankhula nanu pamaso pa anthu onsewa chifukwa ndinakunyozaninso pamaso pa anthu. Munkawapatsadi m'manja. Munawabisira chikwama kuti apite kuchipatala, munakangana nawo kuti asasiye mankhwala, ndipo zaka zisanu ndi zinayi simunaiwalepo m'mawa ndi umodzi womwe. Ndikudziwa kuti pepani sapoletsa chilonda, komabe m'malo mwa ine ndi achemwali anga ndikuti pepani, tinakulakwirani kwambiri. Loko uja ndamuchotsa lero m'mawa ndi manja omwe anamukhoma. Kiyi wa chitseko chachikulu ndi uyu ndagwira apa, ndipo ndikangomaliza kuwerenga ndibwera kudzamuika m'manja mwanu. Nyumba ino ndi yanu. Amene ali ndi mawu ena pa nkhani imeneyi abwere kwa ine, asapite kuseri kwa nyumba.

Pali ntchito imodzi yomwe malemu aisiya panjira. Lachinayi likubwerali, pa 17 Julayi, ndi tsiku la mankhwala, ndipo timabuku tisanu ndi tiwiri tija tili m'chikwama. Eni ake ena akhala pakati panu, ndipo ndikudziwa kuti pamodzi ndi chisoni muli ndi funso lomwe mukuchita nalo manyazi kufunsa pamaliro. Dzulo madzulo, tisanapepese n'komwe bwinobwino, alamu ndiwo anayamba kulifunsa. Anati zizindikiro za pa majumbo amazidziwa, popeza ankathandiza kuzilemba, ndipo kukatenga mankhwalawo apita iwowo. Tagwirizana kuti ngolo inyamuke pakhomo pano m'mamawa, itenge atelala kuti akayezedwe n'kulandira kabuku kawokawo, itengenso aliyense wa asanu ndi awiri aja amene angathe kukwera. Inenso ndikwera. Mutu wakhala ukundiwawa chakunkhongo kuyambira chaka chatha, ndipo ndakhala ndikunena kuti ndi magalasi. Ndikapereka mkono, ndipo adokotala akanena kanthu ndikawafunsa kawiri kuti akutanthauza chiyani.

Malemu asiya akazi awo, alamu athu, mwini wake wa nyumba ino. Asiya ana asanu, amuna awiri ndi aakazi atatu, adzukulu 13, achemwali awo awiri, ndi ine mng'ono wawo. Asiyanso mijigo 34, umodzi mwa iyo uli chitsegulire kusukulu kuja, ndodo ziwiri zili pansi pomwe anaziika. Mwana wawo wachiwiri, amene anayenda nawo pantchito zaka zingapo, wati akautseka Lolemba.

Banja likuthokoza amayi awiri amene anawagwira atagwa n'kuitana anthu, eni ngolo amene anamasula ng'ombe zawo pantchito osafunsa kanthu, ndi dalaivala wa galimoto ya katundu amene sitinamufunse n'komwe dzina. Tikuthokoza anamwino ndi madokotala a zipatala zonse ziwiri, amene amagwira ntchito anthu ochepa pamzere wautali, ndipo pa iwo tilibe chifukwa chilichonse. Tikuthokoza a mpingo, a makomiti a mijigo amene abwera kuchokera kutali, amene akumba manda, amene akhala akuphika ndi kutunga madzi, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe. Mwapadera tikuthokoza atelala. Akanatha kukhala chete pamakina awo, palibe akanadziwa, ndipo ife lero tikanaika munthu mmodzi m'manda n'kuthamangitsa wina wamoyo.

Achimwene, munandipatsa makope anu kuti ndiphunzire kuwerenga, ndipo lero ndawerenga mbiri yanu mmene inalili, zokoma ndi zowawa zomwe. Akazi anu tiwasamala, timabuku tija tifika nato. Chitini chija alamu apempha kuti chisalowe nanu m'manda. Achiika pakabati, piritsi lija lili momwemo, pomwe aliyense wolowa m'nyumba muno azichiona. Pitani bwino, a Sipanala, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.